Gawo la Mfumu pa Mankhwala a Nkhumba

Mu ufumu wa Tisiyireni munali mlandu umodzi woposa kuba, woposa ufiti, woposa ngakhale kutsokomola Mfumu ikulankhula. Mlanduwo unali kumaliza. Kumaliza chilichonse, ndikutero. Ukagula sopo unkasamba mpaka kutatsala kachidutswa, kachidutswako nkukapereka kunyumba ya Mfumu. Mchere, mafuta, makala, ngakhale ulusi wosokera chigamba, zonse zinali ndi kotsala kake, ndipo kotsalako kankatchedwa gawo la Mfumu. Akuti mwambowu unayamba ndi agogo ake a Mfumu Sindilakwa Wachitatu, amene tsiku lina anafika paukwati mochedwa nkupeza anthu atanyambita kale mbale. Anakwiya koopsa, ndipo chikwiyireni anthu a ku Tisiyireni sanaonenso pansi pa botolo.

Anthu anazolowera, poti munthu amazolowera chilichonse. Nduna ndizo zinaukonda mwambowu koposa. Misewu ya m'dzikomo inkathera m'tchire, milatho inkaima pakati pa mtsinje, zipatala zinali ndi makoma okongola koma zopanda denga, ndipo ukafunsa unkauzidwa kuti kumaliza ntchito ya boma ndi kunyoza Mfumu. Mudzi uliwonse unali ndi wotolera zotsala, munthu wa chipewa chofiira, wilibala, ndi chipande chachitali chokokotera pansi pa zinthu. M'mudzi wa Kwatsalanji ntchitoyi inali m'manja mwa Yotamu Kachigamba, bambo woonda, wa maso othamanga, amene ankatha kununkhiza kotsala ka shuga ali kuseri kwa mpanda.

Yotamuyu anakwatira mng'ono wake wa Felesiya Nangondo, ndipo Nangondo sanamukhululukire. Nangondo anali mayi wosasunga mawu m'kamwa, wokhala yekha chichokereni mwamuna wake, amene anapita kulikulu ku Mwadyakale kukaimba ng'oma za Mfumu nkuiwala njira yobwerera. Chimene anali nacho padziko lapansi chinali nkhumba yaikazi, dzina lake Andiseka. Anaitola ili kamwana konyentchera, kotayidwa kudzala ndi mwini wake. Anaifunditsa chitenje, kuimwetsa phala ndi supuni, anthu akufa ndi phwete m'makonde mwawo. Inakula nkukhala chinkhumba choyera mbee, cha makutu ogwera kumaso, chodziwa mapazi a mbuye wake akali kutali. Nangondo ankaiuza zonse: za mwamuna wothawa, za mlamu wonunkhiza, za msana wowawa. Kunena zoona ankaikonda kuposa abale ake onse pamodzi, ndipo sankabisa.

Dzinja lina m'makola a nkhumba munagwa nthenda yotsegula m'mimba. Sikunali kutsegula kwa masewera ayi. Ndowe zinkatuluka zamadzi, zonanda, zosakanikirana ndi magazi. Nkhumba inkasiya madeya, maso nkulowa mkati, nthiti nkuyamba kuwerengeka, tiana nkumangogwa tokha. Fungo la m'mudzimo linafika poti ngakhale agalu ankadutsa mothamanga.

Boma linatumiza dokotala wa ziweto, a Filimoni Gwaza, munthu wophunzira kwambiri komanso wamantha kwambiri. Anafika pa njinga yamoto atamanga katoni ya mapaketi a ufa wachikasu, mankhwala opha tizilombo ta m'matumbo. Pansi pa mtengo wa mango anafotokoza mokweza kasungunulidwe kake m'madzi akumwa ndi muyezo woyenera nkhumba iliyonse. Atafika ponena kuti mankhwalawo aperekedwe mpaka paketi ithe, mawu anawathawa. Anatsokomola, kuyang'ana masamba a mango, nkunena mawuwo cham'khosi ngati munthu wopempha mchere kwa apongozi. Yotamu anali ataima pomwepo ndi chipande chake.

Ndiye anthu anachita za masiku onse. Nkhumba ikangodzuka nkuyamba kununkhiza madeya, ankapinda paketi bwinobwino nkuponya mu wilibala. Pakapita kanthawi nthenda ija inkabweranso, a Gwaza nkubweretsa mapaketi ena, wilibala nkudzazanso. Ku Mwadyakale kunali chisangalalo, chifukwa gawo la Mfumu linali lisanachulukepo chotere. Vuto linali loti ufa wachikasu suthiridwa m'ndiwo. Apa ndipo Nduna Yoona Zotsala, a Lameki Mwadyanji, anaonetsa kuti chimimba chawo sichinamere pachabe. Anafunsa bwalo ngati kuli koyenera kuti nkhumba ya kumudzi ilawe chinthu chimene nkhumba ya Mfumu sinalawepo. Bwalo linanjenjemera ndi manyazi. Kuyambira tsiku limenelo zotsala zonse, zachikasu, zoyera, makapusozi ochokera m'zipatala za anthu, zinkathiridwa mu diramu imodzi, ndipo nkhumba za Mfumu, zodwala ndi zosadwala zomwe, zinkawazidwa pang'ono m'madeya tsiku ndi tsiku monga ulemu.

Andiseka naye anadwala. Nangondo anasungunula ufa uja, kumumwetsa, kukhala naye m'khola akumukanda kuseri kwa khutu. Pasanapite nthawi Andiseka anadzuka, ndipo asanamalize kutafuna madeya oyamba, phokoso la wilibala linamveka pachipata.

Musaganize kuti Nangondo ankadziwa za tizilombo. Iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti nthendayo inatumizidwa ndi mayi wina wa kuseri kwa chitsime amene ankasirira makutu a Andiseka. Chimene chinamuwawa chinali Yotamu. Sabata lomwelo mlamuyu anali atakokota kafodya kake ka m'mphuno, nkuyetsemula nako pamaso pake pomwe. Choncho Nangondo anamuuza kuti nkhumba sinachire, abwere tsiku lina. Atabweranso anamuuza chimodzimodzi. Anapitiriza kumwetsa Andiseka mpaka paketi inatha, nkuigwedeza, nkuitsukuluza ndi madzi, madziwo nkumwetsanso nkhumba. Kenako, poti mkwiyo ulibe nzeru, anayanika paketi yopanda kanthuyo pamwamba pa mpanda, poonekera aliyense wodutsa.

Andiseka anachiriratu. Nkhumba za anzake zikugwanso kachiwiri ndi kachitatu, iye ankangonenepa, mpaka anatenga bere. Yotamu anapirira kwa kanthawi chifukwa cha mkazi wake, koma anthu atayamba kumufunsa ngati chipande chake chimaopa mipanda ina, anathothola paketi ija nkukwera nayo basi ya ku Mwadyakale.

Tsiku la mlandu bwalo linadzaza thothotho. Mfumu Sindilakwa inakhala pampando wake wa miyendo itatu, poti mmisiri sakanayerekeza kukhoma wachinayi, ndipo asilikali awiri ankauchirikiza ndi mawondo. Paketi ija inalowa itanyamulidwa pa pilo. Amayi a kunyumba ya Mfumu ataona kuti mkati mwake mulibe ngakhale fumbi anabisa nkhope, wina nkutulutsidwa atakomoka. Yotamu anaperekera umboni kuti nkhumba ya wolakwayo yanenepa mopanda ulemu. Nangondo atafunsidwa anati anamaliza ndithu, ndipo akanakhala ndi paketi ina akanaimalizanso.

Kenako anaitana a Gwaza kuti afotokoze chifukwa chimene nkhumba ya munthu wosamvera yachirira pamene za anthu omvera zikufa. Dokotala anagwada, kuomba m'manja, kuyamika Mfumu chifukwa cha mvula, chifukwa cha dzuwa, chifukwa cha matayala a njinga yamoto. Atasowa china choyamika ananena zimene ankadziwa.

"Wamkulukulu, tizilombo ta m'matumbo a nkhumba sitifa tonse nthawi imodzi. Tofooka ndito timayamba, tolimba timatsala. Mankhwala akasiyidwa panjira, kapena akamaperekedwa pang'onopang'ono kwa nkhumba zosadwala, totsalato timaswana, ana ake nkubadwa osaopanso mankhwalawo. Mawa mukawathira, timangosamba."

A Gwaza anatseka maso kudikira chingwe. Koma a Mwadyanji anadzuka pang'onopang'ono, nkhope ikuwala, nkufunsa dokotala ngati amva bwino kuti tizilombo tina timatsala. A Gwaza anavomera. Nduna inatembenukira kwa Mfumu nkukumbutsa bwalo kuti m'dziko la Tisiyireni chotsala chilichonse chili ndi mwini wake. Ngati tizilombo tolimbato timatsala, ndiye kuti ndi ta Mfumu. Ndipo onani, inatero nduna, sitiopa mankhwala, sitibwerera m'mbuyo, tikagwetsedwa timadzukanso tochuluka. Tatengera ndani khalidwe limeneli?

Mfumu inamwetulira mpaka mano a kumapeto anaoneka. Inali isanamvepo kuti ili ndi asilikali ngakhale m'matumbo a nkhumba. Pomwepo lamulo linalengezedwa: tizilombo tosamva mankhwala ndi chuma cha Mfumu, titchulidwe mwaulemu, ndipo aliyense wotinena kuti ndi vuto wanena Mfumu. A Gwaza anathokozedwa chifukwa chotulukira gulu lankhondo latsopano. Anaomba m'manja nkhope ili mbuu.

Mlandu wa Nangondo unakula kawiri, chifukwa anamaliza mankhwala nkumalizanso tizilombo, osasiyako ngakhale kamodzi. Anthu ankayembekezera kuti alandidwa nkhumba. Nangondo mwini anali atayamba kale kuganiza zothawa nayo kudutsa malire. Koma Mfumu inali itakondwa, ndipo Mfumu yokondwa ndiyo yoopsa kwambiri. Inati mayiyu walakwa chifukwa cha umbuli, khola lake silinalandirepo mlendo wa kunyumba yachifumu, nchifukwa chake silidziwa ulemu. Inamukhululukira, nkumupatsa mphatso: mwana wa nkhumba wochokera m'khola la Mfumu lenilenilo. A Mwadyanji anawonjezera malamulo a mphatso yachifumu. Siikanidwa, siigulitsidwa, siiphedwa, ndipo siidya yokha.

Nangondo anamubweretsera kankhumba kakuda, konenepa, konyezimira, kovala riboni yofiira m'khosi. Dzina lake linali Olemekezeka, ndipo kankayenera kuitanidwa choncho.

Pobwerera Nangondo anadzera pa Msika wa Ongoona, pamene anthu ankabwera kudzayang'ana katundu nkubwerera. Mbiri inali itafika kale. Wokazinga nyama pachiwaya anavula chipewa, nkunena kuti aka nkoyamba nkhumba kudutsa pamalo pake iye nkuiopa. Mayi wogulitsa tomato anafunsa ngati asilikali a Mfumu atsopanowa azilandira malipiro, poti akale sanalandire chiyambireni chaka. Wina anayankha kuti awa ndi abwino, amadzipezera okha chakudya m'mimba mwa anthu wamba monga nduna. Onse anamufunira Nangondo mafuno abwino, koma ataima patali. Amene anali ndi nkhumba kwawo sanamugwire chanza.

Nangondo anaona zimenezo. Kuseri kwa milu ya makala anapeza a Gwaza akunamizira kukonza tcheni cha njinga. Osadzutsa mutu, dokotalayo anamuuza monong'ona kuti khola la Mfumu ndilo chisa cha nthendayo. Nkhumba za kumeneko zadya ufa wa mu diramu chibadwire, moti tizilombo ta m'mimba mwake talawa mankhwala onse a m'dzikomo ndipo palibe amene timawaopa. Zambiri zimafa mwakachetechete nkukwiriridwa kuseri kwa khitchini. Zopulumuka zimaoneka zonenepa, koma ndowe zake ndi imfa. Anamuuza kuti asalole Andiseka kudya, kumwa kapena kuponda pamene kaponda kankhumbako, ndipo iye mwini azitsuka mapazi ndi manja akachoka kwa wina kupita kwa mnzake.

Nangondo anafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezi m'bwalo muja.

"Ndili ndi ana, mayi," anatero a Gwaza, nkupitiriza kukonza tcheni chosaduka.

Nangondo atafika kwawo sanachedwe. Anatulutsa Andiseka m'khola nkumulowetsa m'nyumba, kuchipinda chimene kale chinali cha mwamuna wothawa uja, ndipo ananena yekha kuti chipindacho chapeza mwini waukhondo. Olemekezeka anawapatsa khola lonse. Za lamulo loti mphatso siidya yokha, anachotsa galasi lake loyang'anira nkhope nkulimangirira pafupi ndi chodyeramo. Olemekezeka ankadya akuyang'anizana ndi nkhumba ina yakuda ya riboni yofiira, ndipo ankaoneka okhutira ndi mnzawoyo. Pakhomo la nyumba panali beseni la madzi a sopo. Nangondo ankatsuka mapazi mpaka anayamba kusuwa. Bere la Andiseka linkakula, mawere nkuyamba kudzaza, ndipo madzulo aliwonse dzuwa likapepa Nangondo ankaika dzanja pamimbapo kumva tiana tikugunda.

Zikanatha choncho, koma Yotamu sankapeza mtendere. Iye ndiye anagwira wolakwa, iye ndiye analipira basi, koma ulemu wachifumu unagwera wolakwayo. Mkazi wake anamupempha kuti azisiye, pakuti Nangondo ndi mkulu wake wa bere limodzi. Yotamu anayankha kuti lamulo lilibe mlamu. Anasuzumira pampanda, kuona galasi lija, nkukweranso basi.

Nangondo atamva kuti nduna ikubwera kudzaona mmene mphatso ikudyera, anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Anapita kunyumba kwa Yotamu, nkugwada pabwalo, anthu akuona.

"Alamu, ndinakuchimwirani, ndavomera. Tengani galasi, tengani chitseko, tengani malata. Fodya yense amene ndidzagule moyo wanga wonse ndi wanu. Koma Andiseka asadye ndi kanthu kaja. Ali ndi bere, alamu."

Yotamu anayang'ana kumbali. Mwina pang'ono chisoni chinamugwira. Koma uthenga unali utapita kale, ndipo ananena motsitsa kuti zikakwera kumtunda sizitsikanso ndi munthu mmodzi.

A Mwadyanji anafika ndi galimoto zitatu ndi gulu la ng'oma. Pakati pa oimba ng'omawo panali mwamuna wa Nangondo, amene anayesetsa kubisala kuseri kwa ng'oma yake mpaka mwambo unatha. Nduna inayang'ana galasi, kupukusa mutu, nkulankhula nthawi yaitali za umodzi. Inati kupatula nkhumba ya Mfumu ndi kupatula Mfumu, kutsuka mapazi utachoka kwa Olemekezeka ndi kunena kuti nyumba yachifumu ili ndi litsiro. Beseni lija linatayidwa. Asilikali analowa m'nyumba nkutulutsa Andiseka akulira, nkumukankhira m'khola momwe Olemekezeka anali atagona, kudya ndi kuchita chimbudzi kwa masabata. Anathira madeya m'chodyeramo chimodzi. Andiseka, poti nkhumba ndi nkhumba, ananunkhiza pansi, kufukula apa ndi apo, nkuyamba kudya. Anthu analamulidwa kuomba m'manja. Nangondo anaomba nawo.

Nduna inasiya msilikali mmodzi pachipata kuti umodziwo usasokonezedwe.

Sipanapite nthawi yaitali. Mmawa wina Nangondo anapeza Andiseka ataima pakona, msana utapindika, madeya osawakhudza, miyendo ya kumbuyo itadetsedwa ndi zamagazi zija. Anathamangira kwa a Gwaza osavala nkomwe nsapato. Dokotala anamupatsa paketi ya ufa wachikasu, womwe uja unachiritsa Andiseka poyamba. Anamwetsa monga kale, muyezo wake, nthawi yake, osaphonya. Msilikali wa pachipata, amene kwawo ankawetanso nkhumba, ankayang'ana kumwamba nthawi yonse imene paketi inkapendekeka. Paketi inatha. Andiseka anali chimodzimodzi, kungoti tsopano nthiti zinkaoneka.

A Gwaza anabwera okha, atabisa botolo m'sokosi. Anayesa ufa woyera. Anayesa jakisoni. Anati njira yoyenera ndi kutenga ndowe kukaziyeza kuti adziwe mankhwala amene tizilomboto tikuwaopabe, m'malo momangoponya mwakhungu. Anatengadi ndowezo m'kabotolo mpaka kunyumba yoyezera ku Mwadyakale. Anakapeza nyumbayo ili ndi chikwangwani chachikulu, mawindo, mlonda, koma makina oyezera anali asanalumikizidwe ku magetsi, chifukwa waya womaliza unali gawo la Mfumu. Anabwerera ndi kabotolo kawo. Jakisoni womaliza, amene ankasungira tsiku loipa, anamubaya Andiseka, ndipo atatha anakhala pansi m'matope a m'kholamo ndi buluku lawo la ku ofesi.

Nangondo anasiya kudya, anasiya kutukwana, zimene zinaopsa mudzi wonse kuposa nthendayo. Ankakhala m'khola atapakata mutu wa Andiseka, akumudonthezera madzi a mchere ndi shuga pakamwa ndi supuni. Ankamuuza kuti alimbe, kuti dzinja latsala pang'ono kutha, kuti akachira adzamuphikira maungu a m'munda wonse. Mng'ono wake ankabwera ndi phala, kuliika pamwala, nkubwerera nalo litazizira. Pambali pawo Olemekezeka ankadya madeya a nkhumba ziwiri, riboni itayamba kuthina m'khosi.

Bere linatayika kaye. Tiana tinatuluka tisanakhwime, toyera ngati mayi wawo, tosapuma. Nangondo anatikulunga m'chitenje nkukatikwirira kuseri kwa nthochi, nkubwerera msanga kuti Andiseka asaone kuti wachoka. Masana a tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Andiseka anatukula khutu limodzi atamva mawu a mbuye wake, nkupuma kamodzi mozama, basi.

Msilikali uja anavula chipewa. Kenako anakumbukira ntchito yake, nkuchenjeza Nangondo mwaulemu kuti kulira chinthu chimene chafera pafupi ndi mphatso ya Mfumu kumawerengedwa ngati kudandaula ndi mphatsoyo, ndipo kudandaula ndi mphatso ndi kuukira. Anamupempha kuti ngati misozi ikubwera, aibweze. Nangondo anaibweza. Amuna a m'mudzimo anakumba dzenje lakuya monga analangizira a Gwaza, ndipo Yotamu anabwera ndi khasu lake osaitanidwa, nkukumba nawo osayang'ana munthu kumaso. Nangondo anaima pamenepo maso ali gwa.

Nkhani inafika ku Mwadyakale, koma inafika itavala bwino. A Mwadyanji anauza Mfumu kuti nkhumba ya mayi uja yalephera kupirira ulemu wodya ndi Olemekezeka, pamene Olemekezeka ali bwino lomwe, umboni woti mbewu yachifumu ndi yolimba kuposa ya anthu wamba. Anawonjezera kuti khola la Mfumu ladzaza, fungo layamba kufika kuchipinda chogona, ndipo anthu a ku Kwatsalanji ndi amasiye pa nkhani ya nkhumba zabwino. Mfumu inagwidwa chifundo mpaka inapukuta diso. Inalamula kuti mudzi wonse utonthozedwe.

Dothi la pamanda a Andiseka lisanaume, lole yaikulu inaima pabwalo la Kwatsalanji. M'mwamba mwake munali tinkhumba takuda tonenepa, kalikonse ndi riboni yake, kamodzi pa khomo lililonse lokhala ndi khola. Anthu anasonkhanitsidwa. Aliyense anali ataona zimene zinachitika kwa Nangondo, ndipo aliyense anali ndi nkhumba imodzi kapena ziwiri zimene zinapulumuka nthenda ija movutikira. Analandira mphatsozo ndi manja awiri atagwada. Yotamu analandira kake nkhope itagwa, mkazi wake akumuyang'ana ndi diso limene silinkafuna womasulira. Nangondo, monga mwini chisoni, anapatsidwa tiwiri.

Nduna inakweza dzanja nkulamula kuti amayi aimbe nthungululu yothokoza Mfumu.

Amayi anayamba mofooka, ngati anthu odzutsidwa kutulo. Nangondo anatsegula pakamwa kuti angotsatira nawo, koma chimene chinatuluka sichinali cha mwambo. Nthungululu yake inakwera pamwamba pa onse, yakuthwa, yonjenjemera, yochokera pansi pa mimba. Anzake anasiya, iye sanasiye. Ankapuma nkuyambanso, lilime likugunda, misozi ikutsika mpaka kunyowetsa bulauzi, maso ali kuseri kwa nthochi. Mbalame zinabalalika mumtengo wa mango. Oimba ng'oma anaimitsa manja.

A Mwadyanji anagwedeza mutu mokhutira, nkuuza owatsatira kuti ayenda dziko lonse la Tisiyireni koma sanaonepo munthu wokonda Mfumu ngati mayi ameneyu, mpaka kulira ndi chimwemwe. Palibe wa ku Kwatsalanji amene anawatsutsa. Mng'ono wake wa Nangondo ndi mayi wa kuseri kwa chitsime uja anangosendera pafupi, wina uku wina uku, nkumugwira m'khwapa kuti asagwe, ndipo anamusiya alire nkhumba yake.